Kufulula gemu yodumphadumpha ya Game Boy pa laputopu yanu

Kwa eni chinenero cha Chingerezi, mawu akuti homebrew amanena mowa wofulula pakhomo, ngati masese a kwa agogo, osati wam'botolo wochokera kufakitale. Anthu a magemu anangowabwereka kuti azitchulira gemu imene munthu wapanga yekha m'chipinda mwake, yoti iziseweredwa pa makina akale amene kampani yake inaleka kalekale kuwapanga. Ofulula alipo ambiri. Mu 2017 a Tangram Games anatulutsa Tobu Tobu Girl ya pa Game Boy, makina amene Nintendo inayamba kugulitsa mu 1989. Mu 2018 Matt Phillips wa ku England anamaliza Tanglewood ya pa Mega Drive. Chaka chotsatira anthu awiri a Morphcat Games ku Berlin anatulutsa Micro Mages ya pa NES, gemu yonse makilobaiti 40 okha, msinkhu umodzi ndi Super Mario Bros. ya mu 1985. Chithunzi chimodzi chimene mwajambula pa foni lero chikhoza kumeza magemu oterewa makumi angapo osakhuta.

Onsewa ndi magemu odumphadumpha, aja oti kamunthu kamathamanga, kulumpha maenje, kukwera nsanja ndi kuzemba adani. Pano ndikufotokoza m'mene mungapangire yanu ya pa Game Boy. Ndasankha Game Boy chifukwa zida zake ndi zaulere, laputopu yakale yomweyo ikwanitsa, ndipo simukufunika kukhala katswiri wolemba mapulogalamu. Chitsanzo changa chikhala gemu ya Kalulu wowoloka mtsinje podumpha miyala, ng'ona zili m'madzi kumudikirira. Ndinenerenso pano pomwe kuti sitepe yachinayi ndiyo mutu wa nkhani. Zina zonse mungazichite mwachidule gemu n'kukomabe, koma kudumpha kukalakwika, zojambula zokongola sizingakuwomboleni.

1. Dziwani kukula kwa khola

Game Boy ndi kakhola kakang'ono, ndipo mukayamba musanadziwe malire ake mudzagwira ntchito kawiri. Sikirini yake ndi timadontho 160 m'litali ndi 144 m'lifupi. Mitundu ilipo inayi yokha, kuchokera powala kufika pakuda. Mabatani ndi mtanda woyendetsera, A, B, Start ndi Select, basi. Makinawa amajambula sikirini pafupifupi ka 60 pa sekondi imodzi, ndipo kujambula kulikonse tizikutcha fulemu.

Zonse zimene mumaona pa sikiriniyo ndi zomangidwa ndi timabwalo ta timadontho 8 kwa 8, monga mmisiri amayalira matailosi pansi m'nyumba. Sikirini imodzi imalowa matailosi 20 chopingasa ndi 18 chotsika, onse pamodzi 360. Sungani nambala imeneyi, tiyibwerera.

Zinthu zoyenda, monga Kalulu, ng'ona ndi zipatso zotola, zimajambulidwa mwa mtundu wina, amati sprite. Makina amatha kuonetsa ma sprite 40 nthawi imodzi, koma pa mzere umodzi wopingasa amalola 10 okha. Apa ndi pamene oyamba kumene amapunthwa. Kalulu wa timadontho 16 kwa 16 amadya ma sprite awiri ogundizana. Ndiye kuti pa mzere umodzi pangakhale zamoyo zisanu zokha za msinkhu umenewo. Chachisanu ndi chimodzi chimazimirira, mwina theka lake. Sprite imakhalanso ndi mitundu itatu yokha, chifukwa wachinayi umagwira ntchito yoonetsa za kuseri.

2. Sonkhanitsani zida

Chida chachikulu ndi GB Studio, pulogalamu yaulere imene Chris Maltby anatulutsa mu 2019. Imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mumakoka zinthu ndi mbewa, kusankha zochitika pa mndandanda, yokha n'kukulemberani fayilo ya .gb imene Game Boy yeniyeni ingawerenge. Alipo amene amainyoza, amati wofulula weniweni amalemba yekha pulogalamu m'chinenero cha makompyuta, C ndi zida za GBDK-2020 kapena assembly ndi zida za RGBDS. Njira zimenezo n'zabwino ndithu, ndipo zimatulutsa gemu yothamanga bwino. Koma GB Studio nayo pansi pake pali GBDK-2020 yomweyo, ndipo gemu yoyamba chofunika ndi chakuti ithe.

Mufunikanso chojambulira. Aseprite ndi yogula, LibreSprite ndi yaulere ndipo ntchito yake ndi yomweyo. Tiled ikuthandizani kuyala matailosi kukhala siteji yaitali. Kenako pezani emulator yodalirika, pulogalamu imene imasandutsa kompyuta kukhala Game Boy: SameBoy, BGB kapena Emulicious. GB Studio ili nayo yakeyake yoyesera mwachangu, koma ndi bwino kukhala ndi ina yapadera yotsimikizira.

Ngati mungathe, gulani kontirola ya USB, ngakhale yotchipa ya kumsika. Gemu yodumpha imamveka mosiyana pa chala chachikulu ndi pa kiyibodi.

Zonsezi mukazitsitsa kamodzi, bandulo siifunikanso. Ntchito yonse imagwirika popanda intaneti. Magetsi okha ndiwo mdani. Ine ndinataya siteji ya masana onse pa desikitopu yopanda batire, magetsi atangoti thi ndisanaseve. Kuyambira pamenepo Ctrl ndi S ndimadina ngati kuphethira, ndipo madzulo aliwonse foda yonse ndimaikopera pa fulashi, dzina lake tsiku limenelo.

3. Lembani gemu yonse pa tsamba limodzi la kope

Musanatsegule kompyuta, tengani kope. Lembani kuti wosewera ndi ndani, akupita kuti, n'chiyani chingamuphe, ndipo gemu ikutha bwanji. Yanga inali motere: Kalulu akuwoloka mtsinje kupita kudimba la tsidya lija. Amathamanga, amadumpha. Akagwera m'madzi kapena kukhudza ng'ona, wayambiranso. Masiteji atatu. Akafika kudimba, gemu yatha.

Mtima udzakuuzani kuti muwonjezere kusambira, mkondo, sitolo yogulako zida, Fisi wamkulu kumapeto, mapu a dziko lonse. Zilembeni kuseri kwa tsambalo ndipo muzisiye komweko. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chinanso, wosewera akhale wanu. Musatenge Mario, Kirby kapena nyimbo za m'magemu a eni. Nintendo sinyengerera pa zimenezi. Mu 2016 inaletsa AM2R, gemu yotengera Metroid ya Nintendo imene munthu wina anaigwirira ntchito zaka zambiri, patangopita masiku ochepa itatuluka. Kalulu, Fulu ndi Nadzikambe palibe adzakulembereni kalata.

4. Chipinda chimodzi, ndi kudumpha

Tsegulani GB Studio, yambani ntchito yatsopano yopanda kanthu. Jambulani chithunzi cha PNG cha 160 kwa 144: pansi mzere wakuda, nsanja zitatu zotalika mosiyana, dzenje limodzi. Chisakhale chokongola. Chiikeni mu foda ya assets/backgrounds, pangani scene yatsopano (chipinda kapena siteji mu GB Studio), ndipo pa mtundu wake sankhani Platformer, kutanthauza gemu yodumphadumpha. Wosewera akhale kabokosi chabe.

Chithunzi pachokha sichigwira munthu. Muyenera kutenga burashi ya Collisions n'kupaka paliponse pamene pali polimba. Pali utoto wotseka mbali zonse, wa nthaka ndi makoma. Pali wotseka pamwamba pokha, wa nsanja zija munthu amabowola kuchokera pansi n'kukaima pamwamba. Palinso wa makwerero. Mukaiwala kupaka, kabokosi kanu kadzangobooleza nthaka n'kupita osabwerera.

Tsopano dinani Play, dumphani. Mudumphenso. Mukhala mukudumpha m'chipinda chimenechi masiku angapo, ndipo musachite manyazi.

Kudumpha kumapangidwa ndi zinthu ziwiri: mphamvu imene kamunthu kamanyamukira, ndi mphamvu imene imakakokera pansi fulemu iliyonse. Tiyerekeze kuti Kalulu wanyamuka pa liwiro la timadontho 4 pa fulemu, ndipo fulemu iliyonse liwirolo likuchepa ndi kota ya kadontho. Adzafika pamwamba penipeni pakatha mafulemu 16, atakwera timadontho pafupifupi 32, omwe ndi matailosi 4. Kutsika kutenganso mafulemu 16. Ali m'malere mafulemu 32, kungopitirira pang'ono theka la sekondi. Ngati akuthamanga kadontho kamodzi ndi theka pa fulemu, adzatera patsogolo timadontho 48, matailosi 6. Manambala awiriwa, 4 chokwera ndi 6 chopita patsogolo, ndiwo muyeso wa gemu yanu yonse, monga chingwe cha mmisiri poyala maziko. Nsanja iliyonse, dzenje lililonse, lidzayezedwa ndi iwowa.

Mu Settings, pansi pa Engine, mupeza zotsetsereka za Platformer: liwiro loyenda, liwiro lothamanga, Jump Velocity (mphamvu yonyamukira), Gravity (yokokera pansi), ndi malire a liwiro logwera pansi. Manambala a m'menemo ali ndi kawerengedwe kawokawo, choncho musakopere anga aja. Sunthani chimodzi, sewerani, werengani matailosi amene kabokosi kakwera, lembani m'kope. Chimodzi pa nthawi. Mukasuntha ziwiri limodzi simudziwa chimene chakonza kapena chaononga.

Pali chotsetsereka china chimene ambiri amachidumpha, cha mphamvu yokokera pansi pamene batani lidakali chodinidwa. Mukaichepetsa kuyerekeza ndi Gravity ija, wosewera akangogunda batani pang'ono Kalulu amangoti njo, kadumpho kakafupi, koma akakanikiza amauluka mpaka pamwamba. Batani limodzi, madumpho ambiri. Popanda zimenezi gemu imauma ngati chikonyo. Ndimakondanso kuti kutsika kuzifulumira kuposa kukwera. Zikafanana, kamunthu kamayandama ngati nthenga ya nkhuku, ndipo wosewera samva kuti kali ndi thupi.

Nditakhutira ndi kudumpha kwanga ndinapatsa kontirola mwana wa achemwali, wa Sitandade 5. Anathamanga, kufika pamphepete pa mwala, phi m'madzi. Kachiwiri, phi. Kachitatu anandiyang'ana.

"Ankolo, batani ili silikugwira."

"Likugwira, ukuchedwa kudina."

"Ayi, ndadina! Onani."

Ndinamuyang'anitsitsa chala m'malo mwa sikirini. Mwanayo sankanama. Ankadina Kalulu atangodutsa mphepete ndi timadontho tiwiri kapena titatu. M'maso mwa munthu, phazi lakumbuyo linali lidakali pamwala. Kwa makina, Kalulu anali kale m'malere, ndipo wam'malere saloledwa kudumpha. Ine sindinkazipeza chifukwa zala zanga zinali zitazolowera kudina msanga.

Mankhwala ake opanga magemu amawatcha coyote time: kumulola wosewera kudumphabe kwa mafulemu anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi atachoka pamphepete. Mnzake wa mankhwalawa ndi jump buffer: wosewera akadina batani atatsala pang'ono kutera, makina amasunga kudinako n'kumudumphitsa akangogunda pansi, m'malo mokutaya. Ndi chinyengo chokomera wosewera, ndipo iye sachiona n'komwe. Amangoti gemu iyi ikumvera. Ngati GB Studio imene muli nayo ilibe zimenezi mu Settings, pali chowonjezera chotchedwa Platformer Plus chimene chimabweretsa zonse ziwiri, pamodzi ndi kudumpha kawiri ndi kudumphira pakhoma. Ziwiri zomalizazo zisiyeni kaye kuseri kwa tsamba kuja.

Musachoke m'chipinda chino mpaka kudumpha popanda chifukwa kutayamba kukusangalatsani. Ndipo mukachoka, manambala aja musawakhudzenso. Mukadzawasintha masiteji atamangidwa, dzenje lililonse lidzafuna kuyezanso.

5. Jambulani, koma muziwerenga matailosi

GB Studio imafuna kuti zithunzi za kumbuyo zikhale ndi mitundu inayi iyi: #071821, #306850, #86c06c ndi #e0f8cf. Ma sprite amatenga #071821, #86c06c ndi #e0f8cf, ndipo pamene mukufuna kuti paoneke za kuseri mumapaka #65ff00, wobiriwira wothobwa m'maso. Ikani mitundu imeneyi mu chojambulira chanu, yatsani mizere ya 8 kwa 8, ndipo musagwiritse burashi yofewetsa m'mphepete.

Nambala ija ya 360 yabwera. Siteji imodzi imaloledwa matailosi osiyana 192 okha, ngakhale ikhale yaitali masikirini khumi. Ndiye kuti ngakhale sikirini imodzi simungaidzaze ndi zojambula zosabwereza. Luso lonse lagona pa kubwereza mochenjera. Madzi a mtsinje wanga ndi matailosi awiri. Mwala ndi asanu ndi limodzi: ngodya ziwiri zapamwamba, pakati, m'mbali muwiri, ndi m'kati. Ndi amenewo ndimamanga mwala waung'ono ngati mtondo kapena thanthwe lodzaza theka la sikirini. Bango ndi atatu. Mtambo ndi chitsamba zikhoza kukhala chinthu chimodzi. Kadontho kamodzi kakasiyana, makina amawerenga ngati tailosi yatsopano, ndiye mukaona nambala ikukwera popanda chifukwa, fufuzani pamene dzanja linaterereka kapena pamene mwala wasemphana ndi mizere. Kumbukiraninso kuti Game Boy yoyamba ija sitembenuza matailosi a kumbuyo. Ngodya yakumanzere ndi yakumanja ndi matailosi awiri. Ma sprite okha ndiwo amatembenuzika, choncho Kalulu mujambule akuyang'ana mbali imodzi basi.

A Micro Mages aja, malo atawachepera, ankasunga theka la siteji lokha, theka linalo makina n'kulipanga ngati pa kalilole, kenako ankasuntha mizere ina kuti diso lisazindikire. Umphawi umaphunzitsa nzeru.

Lamulo limodzi la mitundu: chakuda kwambiri chisungireni zinthu zimene wosewera ayenera kuziona, ndiye kuti Kalulu, adani, ndi pamwamba pa popondapo. Mapiri ndi mitengo ya kutali ijambulidwe ndi mitundu iwiri yowala. Mukakongoletsa kumbuyo ndi mizere yakuda, wosewera adzadumphira pa nthambi imene ndi chithunzi chabe.

Kalulu woyenda amakwana ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu, woima chimodzi, wodumpha chimodzi. Makutu ndiwo amagwira ntchito yaikulu: akamakwera agwere kumbuyo, akamatsika aimirire.

6. Mangani siteji yoyamba

Yambani pa pepala la timabokosi, lija la masamu, bokosi limodzi tailosi imodzi. Ngati Kalulu amadumpha matailosi 6, dzenje loyamba likhale la 2, ndipo pansi pake pasakhale madzi koma mchenga woti akagwa atulukemo. Lachiwiri la 3, la madzi enieni. La 5 lidikire siteji yomaliza. La 6 musaike n'komwe, chifukwa limafuna kudina pa fulemu yeniyeni, ndipo amene angakwanitse ndi inu nokha. Chimodzimodzi nsanja: ngati amakwera 4, zambiri zikhale pa 3.

Chinthu chatsopano chilichonse chionekere koyamba pamalo opanda ngozi. Mwala womira ukapondedwa uyambe kupezeka pamadzi osaya. Kenako pamadzi akuya. Kenako iwiri yotsatizana. Kenako pakati pake ng'ona. Mukatero simufunika kulemba malangizo pa sikirini, ndipo ndi bwino, chifukwa mwana sawerenga, amangodina A mpaka mawuwo achoke.

Kuchepa kwa sikirini kuli ndi msampha wake. Kalulu akakhala pakati, kutsogolo kwake kumaoneka timadontho tosakwana 80. Pa liwiro lija, mtunda umenewo amaumaliza sekondi isanakwane. Mdani akamabwera chakuno, nthawiyo imatsika kufika pafupifupi theka la sekondi. Choncho musaike mdani wothamanga pamalo amene wosewera akubwera ndi liwiro, ndipo musamudumphitse kupita kumene sakuona. Ngati potera pali pansi pa sikirini, ikani mzere wa zipatso m'malere womulondolera njira.

Sitejiyo iyaleni mu Tiled, itulutseni ngati PNG ya timadontho 144 chotsika, chopingasa nambala yogawika ndi 8, ndipo muipake Collisions monga poyamba. Pansi pa madzi ikani Trigger yaitali, malo osaoneka amene amayambitsa chochitika wosewera akalowamo, ndipo mu On Enter muike Change Scene yobwezera Kalulu poyambira. Trigger ina kumapeto ipititse ku siteji yachiwiri. Siteji ikatalika, ikani pakati popumira, kuti wogwa asabwerere kuchiyambi penipeni: variable imodzi (posungira nambala) yokumbukira kuti wadutsa pakati ndi yokwanira.

7. Adani

Mdani mu GB Studio ndi Actor. Mupatseni sprite, muikeni mu collision group (gulu la zinthu zogundana), ndipo mu On Update, momwe mumalembedwa zoti azichita mobwerezabwereza, mumuuze kuti apite matailosi anayi kumanja, abwerere anayi kumanzere. Mu On Hit mulembe chimene chichitike akakhudzana ndi wosewera. Ngati mukufuna kuti Kalulu azitha kuponda nkhanu pamsana, yerekezani pamene awiriwo ali: Kalulu akakhala pamwamba, nkhanu ichoke ndipo muike Player Bounce kuti anjanje; akakhala pambali, Kalulu ndiye wapweteka.

Mu chokonzera ma sprite muli kabokosi kosonyeza thupi lenileni la chinthu, limene makina amawerenga pogundana. Ka adani kachepetseni, kalowe m'kati mwa chithunzi ndi timadontho tiwiri mbali zonse. Ka Kalulu kasaphatikize makutu. Munthu akafa chifukwa nsonga ya khutu yakhudza mchira wa ng'ona, amaponya kontirola.

Mitundu iwiri kapena itatu ya adani ikukwanirani: woyenda uku ndi uku, wotumphuka m'madzi pa nthawi yake, ndi wouluka. Musawaunjike. Purosesa ya Game Boy imathamanga pa 4.19 MHz, ndipo Actor aliyense wokhala ndi On Update amadyako nthawi. Akachuluka pa sikirini imodzi gemu imayamba kukoka miyendo, ndipo kudumpha kuja munakuvutikira kumasanduka phala. Pansi pa scene iliyonse GB Studio imaonetsa chiwerengero cha ma Actor, ma Trigger ndi matailosi a ma sprite amene mwagwiritsa ntchito, muziponyapo diso. Lamulo lija la 10 pa mzere likumbukireninso pano: ng'ona yaitali timadontho 32 yadya kale ma sprite anayi.

8. Phokoso

Game Boy ili ndi mawu anayi: awiri olira ngati wezulo, amodzi amene mungawaumbe nokha, abwino kuchita besi, ndi amodzi a phokoso lokhalokha, a ng'oma ndi kuphulika. Nyimbo mungaipange mu GB Studio momwemo kapena mu hUGETracker. Chofunika kudziwa n'chakuti kulira kwa kudumpha kumabwereka amodzi mwa mawu anayiwa, nyimbo n'kudukiza pamenepo. Mawu oyamba ndiwo amatha kukwera kapena kutsika okha, ndiye amayenera kulira kwa kudumpha. Choncho mtima wa nyimbo uikeni pa achiwiri, oyambawo azingothandizira. Nyimbo ya masekondi 30 yobwerezabwereza ndi yokwanira, bola muimvere ka 20 motsatizana muone ngati simukufuna kutseka makutu.

9. Perekani kwa anthu, inu mutseke pakamwa

Pezani anthu atatu amene sanaionepo. Apatseni kontirola, khalani kumbuyo ndi kope, ndipo musanene kanthu. Pakamwa padzayabwa kuti "dumpha apo", koma pirirani. Lembani pamene aliyense wafera, kangati, ndi pamene waima osadziwa kolowera. Atatu onse akafera malo amodzi kopitirira kasanu, vuto si iwo. Musawafunse ngati gemuyo ndi yabwino, adzakuyankhani mwaulemu. Onani ngati akupempha kuyesanso.

Kenako tulutsani fayilo ya .gb kudzera pa Export ROM, muiyese mu SameBoy kapena BGB. Ngati mungapeze Game Boy yeniyeni, ndiye bwino koposa. Pamafunika katiriji (kabokosi ka gemu kolowetsa mu Game Boy) yolowa memori khadi, monga EverDrive kapena EZ-Flash Junior. Mumakopera fayilo pa khadi, kulowetsa, kuyatsa. Sikirini ya Game Boy ya 1989 ilibe nyale kumbuyo, ndi yobiriwira, ndipo chinthu chikamayenda chimasiya chithunzithunzi m'mbuyo. Kanthu kakang'ono kothamanga kamene kamaoneka bwinobwino pa laputopu, pamenepo kamasungunuka. Mukapanda makinawo, yatsani mu emulator chosakaniza mafulemu, chimene chimayerekeza chizimezime chimenechi, ndipo muchepetse windo lifanane ndi bokosi la machesi. Ngati Kalulu akuonekabe, zili bwino.

Pa foni gemuyo idzagwira mu emulator, koma mabatani a pagalasi samveka pa chala, ndiye musasinthe kudumpha kwanu chifukwa cha madandaulo a osewera pa foni okha.

10. Itulutseni

Onjezani sikirini ya mutu wa gemu. Scene ya mtundu wa Logo ilibe malire aja a 192, choncho apa jambulani mmene mtima ukufunira. Ikani dzina lanu, chaka, ndi sikirini yothokoza kumapeto.

Export Web imakupatsani foda yoti gemu iseweredwe mu browser. Ipangeni zip, itsegulireni tsamba pa itch.io (malo a pa intaneti oikapo magemu), sankhani kuti ndi gemu ya HTML, ndipo muikenso fayilo ya .gb kuti a makina enieni aitsitse. Jambulani zithunzi zitatu ndi kavidiyo kakafupi ka Kalulu akudumpha ng'ona. Kameneko ndi kamene kadzayende pa WhatsApp. Chilolezo cha GB Studio chimakulolani kugulitsa gemu yanu, koma musanaike mtengo yambani mwaona ngati njira zolipirira za pa tsambalo zimafika kumene muli. Yoyamba ine ndingati ingoperekani ulere.

Pa itch.io pomwepo pamachitika mipikisano yopanga magemu m'masiku owerengeka, monga GBJAM, ndipo a gbdev, gulu la opanga magemu a Game Boy, anachititsa mpikisano wa magemu enieni a Game Boy mu 2021 ndi 2023. Kulowa nawo kumakupatsani tsiku lomalizira ndi anthu oti asewere. Ofuna katiriji yogwirika m'manja amagula yopanda kanthu n'kuilemba ndi kachida ka USB monga GBxCart RW, ndipo makampani ngati Incube8 Games ndi Broke Studio amasindikiza magemu atsopano a makina akale, bokosi ndi kabuku komwe. Ngati gemu yanu imaseva pamene wosewera wafika, onetsetsani kuti katiriji imene mukugula ili ndi posungira zimenezo, chifukwa zotchipa zina zilibe, ndipo mudzazindikira mutazimitsa makina.